Mutu 6: Nambala Zimene Nachangu Sanayeze

1. Tsiku la sikelo

Lachitatu linali tsiku la sikelo pachipatala chaching'ono chija. Amayi oyembekezera anadzaza khonde lonse. Ena anakhala pabenchi, ena pansi, ena anatsamira khoma pofuna mthunzi. Onsewo ankadikira mtsikana mmodzi.

Mtsikanayo anali namwino komanso mzamba. Panali patangotha miyezi isanu chimalizireni sukulu. Anthu anamutcha Nachangu chifukwa sankayenda, ankachita kuthamanga. Mzere umene ena ankaumaliza madzulo, iye ankaumaliza dzuwa lili paliwombo. Dzinalo ankalikonda.

Tsikulo, ntchito ili mkati, makina oyezera kuthamanga kwa magazi anazima. Mabatire anali atatha. M'kabati munali makina ena akale opopa ndi dzanja, koma paipi yake inali yobooka. Kuti uyeze munthu mmodzi unkayenera kutsina pobookapo n'kupopa katatu kapena kanayi.

Nachangu anapita kwa mkulu wa pachipatalapo. Anali bambo wa imvi za m'mbali amene odwala ankawatchula kuti adokotala. Anzawo a ntchito ankawatchula a Zatheka, popeza vuto lililonse ankaliyankha ndi mawu amodzimodziwo.

"Zatheka zimenezo, mwana wanga," anatero osadzutsa mutu. "Amene akudandaula, muyeze ndi makina akalewo. Amene akuoneka bwino, akuseka, ungolemba 120/80. Kaundula safuna mipata. Akuluakulu akabwera amawerenga mipata, sawerenga nkhope za anthu."

"Koma kusukulu anatiuza kuti..."

"Kusukulu munali ophunzira makumi atatu pa mayi mmodzi. Kuno ndi amayi makumi asanu pa iwe wekha. Pita, anthu akupsa ndi dzuwa."

Nachangu anabwerera. Anayeza amene ankadandaula. Kwa ena onse cholembera chinangoyenda chokha.

Womaliza kulowa anali mlamu wake, mkazi wa achimwene ake. Inali mimba yake yoyamba, ya miyezi isanu ndi itatu. Awiriwa ankagwirizana ngati a bere limodzi.

"Alamu, kundisiya kumapeto ngati mlendo?" anatero mayiyo akukwera pabedi movutikira.

"Wapakhomo amadya pomaliza," Nachangu anayankha akuseka.

"Taonani mphete yangayi, yakana kuvuka. Nsapato nazo zandikana. Achimwene anu akunyada, akuti ndanenepa chifukwa akundisamala."

"Mutu sukuwawa?"

"Pang'ono chabe. Ndi dzuwali."

Nachangu anayeza mimba ndi tepi, namvetsera mtima wa mwana. Unkagunda bwino. Anayang'ana makina akale aja, nayang'ananso wotchi ya pakhoma. Kenako analemba 120/80 m'kaundula ndi m'kabuku ka mlamu wake.

"Lamlungu ndibwera kwanu, ndidzakuyezeni bwinobwino," anatero.

2. Alangizi awerenga kaundula

M'mawa mwake galimoto inatsitsa mayi wina pageti n'kupitirira ulendo. Anali wamfupi, wa magalasi omangirira chingwe, atanyamula chikwama chachikulu. Anali mzamba wa zaka makumi atatu pantchito. Tsopano ankayendera zipatala zing'onozing'ono kamodzi pamwezi, kukhala ndi azamba achinyamata tsiku lonse ndi kuwaonetsa ntchito ndi manja. Onse ankawatchula kuti Alangizi.

Alangizi sankalandira ngakhale madzi asanaone kaundula. Anakhala pampando wa Nachangu, nayamba kutsitsa chala pa tsamba la dzulo. Chalacho chinaima, chinatsika, chinaimanso.

"Amayi a kuno ndi amwayi," anatero motsitsa mawu. "Khumi ndi awiri, magazi awo akuthamanga mofanana ngati anabadwa tsiku limodzi."

A Zatheka, amene anaima pakhomo, anaseka. "Mpweya wa kuno ndi wabwino, mayi." Anamuponyera diso Nachangu, natuluka.

Alangizi anavula magalasi. "Tseka chitseko, mwana wanga, ukhale apa."

Nachangu anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Ndikuuze chimene sindiuza aliyense. Ndili msinkhu wako ndinali wachangu kuposa iwe. Tsiku lina mayi wina anachira bwinobwino, mwana wamwamuna. Ndinayenera kumuona pakapita kanthawi kalikonse, kuti ndidziwe ngati akutaya magazi. Ndinali nditatopa. Ndinasuzumira pakhomo, ndinaona wagona phee, wafunda. Ndinalemba kuti zonse zili bwino, nsalu osavundukula. Mnzanga wondilandira ntchito anawerenga zimene ndinalemba, anakhulupirira, napita kwa odwala ena. Pamene tinkavundukula nsalu ija, matiresi onse anali atanyowa. Mayiyo sanaone mwana wake akuyamwa kachiwiri.

"Mwanayo lero ndi bambo, ali ndi ana ake. Tikakumana pamsewu amandipatsa moni ndi manja awiri, akuti ndine amene ndinamulandira padziko. Sadziwa. Ine ndimadziwa.

"Tamvera tsono. Mpata m'kaundula si tchimo. Mpata umanena zoona, umati sindikudziwa, wina ayeze. Koma nambala yabodza imatseka maso a aliyense wobwera pambuyo pako. Imauza mwamuna kuti gona, mkazi wako ali bwino. Imauza mayi kuti mutuwo ndi wa dzuwa.

"Ndipo matenda othamanga magazi kwa mayi wapakati sachita phokoso. Sabwera ndi kutentha thupi kapena kubuula. Amabwera mayi akuseka. Nkhope imatupa, anthu n'kumati wanenepa. Zala zimatupa, mphete n'kukana kuvuka. Mutu umawawa pang'ono. Kenako amaona tinyenyezi masana, pamtima n'kumamuwotcha. Ukamva zimenezo, dziwa kuti kukomoka kuli pakhomo. Akagwa, amagwa anthu awiri. Madzi akatayika saoleka, mwana wanga."

Nachangu anali atagwira chitsulo cha bedi ndi manja onse.

Alangizi anavalanso magalasi naimirira. "Sindinakufunse kanthu. Ndikupita kuchipinda chochirira kukaona zida zanu. Ukakhala ndi chonena, undipeza komweko."

3. Pakhonde

Nachangu atatuluka anapeza a Zatheka akumudikira pakhonde, manja ali kumbuyo.

"Akuuza nthano ya matiresi ija?" anafunsa chapansipansi. "Amauza aliyense kuti sauza aliyense. Usatekeseke. Iwo ndi alendo, madzulo akwera galimoto. Ine ndi iwe titsala pano."

"Bambo, pa amayi aja pali mlamu wanga."

"Ndiye? Mlamu wako ndinamuona dzulo, amaseka ngati ali paukwati. Tamvera, sunakwanitse chaka pantchito. Kalata yonena kuti ndiwe woyenera ndimalemba ndine. Ukatsegula pakamwa, dzanja lili m'kaundulamo ndi lako, si langa. Udzabwerera kwanu ndi yunifolomu m'chikwama. Amayi ako udzawauza chiyani?"

Anamusisita paphewa, nalowa mu ofesi mwawo.

Nachangu anazungulira kuseri kwa chipatala, pafupi ndi thanki ya madzi. Anatulutsa foni naimbira mlamu wake. Inaitana nthawi yaitali. Amene anayankha anali mwamuna wake, achimwene ake a Nachangu.

"Achemwali, mwatikumbuka? Mlamu wanu wagona."

"Wagona nthawi ino?"

"Mutu. Wayamba m'mamawa. Akuti akuona tinyenyezi, masana ano. Ndamuuza kuti nyenyezi yake ndine, koma sanaseke."

"Pamtima pakumuwotcha?"

"Mwadziwa bwanji? Koma musadandaule, ndaona m'kabuku mwake, munalemba nokha kuti zonse zili bwino. Ndamupatsa mankhwala a mutu."

"Musachoke pamenepo, achimwene. Ndiimbanso."

Anadutsa pakhomo la ofesi ya a Zatheka osayang'anamo. M'chipinda chochirira anapeza Alangizi akuwerenga mabotolo a mankhwala m'kabati. Anaima kumbuyo kwawo.

"Amayi, khumi ndi awiri aja sindinawayeze."

Alangizi sanatembenuke msanga. Anabwezera botolo pamalo pake.

"Pitiriza."

"Mmodzi ndi mlamu wanga. Mphete inamukana dzulo. Pano akuona tinyenyezi."

Apo Alangizi anatembenuka. Sanakalipe, ndipo kusakalipako kunamuopsa Nachangu koposa.

"Zolira tichita mawa. Amakhala kutali bwanji?"

"Pagalimoto ndi theka la ola."

"Uza mwamuna wake apeze galimoto iliyonse pompano. Asamukweze panjinga. Amugoneke chakumanzere, wina amugwirire mutu. Ine ndikuimbira ambulansi ya kuchipatala chachikulu. Ukamaliza, konza bedi, diripi ndi mankhwala oletsa kukomoka. Alipo mabotolo okwanira, ndangowawerenga."

4. Mphindi khumi

Ola lathunthu linatha. Kunja kunali bata, mphepo osawomba, ngakhale masamba a mtengo wa pageti osagwedezeka. Nachangu anatuluka kasanu kukayang'ana kumsewu.

Pomaliza inatulukira galimoto yotsegula kumbuyo, yonyamula katundu wa pamsika. Mlamu wake anagona pamatumba opanda kanthu, mutu uli pamiyendo ya mwamuna wake. Nkhope inali itatupa moti maso ankaoneka ngati timing'alu.

"Alamu," anatero mayiyo mwaulesi, "magetsi anu akuthwanima bwanji masana?"

Panalibe getsi loyaka.

Anamugoneka pabedi. Alangizi anatulutsa makina awo oyezera kuthamanga kwa magazi m'chikwama napatsa Nachangu. "Yeza."

Nachangu anamanga lamba pamkono wotupawo. Manambala anakwera, natsika, naima.

"Werenga mokweza."

"170/115."

Asanamasule lamba, milomo ya mlamu wake inayamba kunjenjemera. Maso anatembenuka. Thupi lonse linauma gwa, kenako linayamba kuphupha, bedi n'kumagunda khoma. Mwamuna wake anathamangira kuti amupanikize.

"Musamupanikize, bambo, ndipo musamuike kanthu m'kamwa," anatero Alangizi. "Gwirani apa kuti asagwe. Tim'tembenuzire kumanzere. Basi. Zidutsa."

Kuphuphako kunatenga ngati mphindi imodzi. Kenako mayiyo anagona zii, akupuma mokoka, thovu lili pamilomo. Alangizi anamupukuta, nalowetsa singano ya diripi pamkono mosaphonya.

Nachangu anawapatsira jakisoni amene anali atakonza. Alangizi sanamulandire.

"Ubaye ndiwe."

"Amayi, bayani ndinu. Ndine ndalakwitsa."

"Mawa ine kulibe, kudzakhala iwe. Tsamiritsa chigongono pabedi. Mankhwala awa safuna liwiro. Ukawakankha msanga, aimitsa kupuma kwake. Mphindi khumi. Ine ndiyang'ana wotchi, iwe uyang'ane chifuwa chake."

Nachangu anayamba kukankha pang'onopang'ono. Thukuta linatsika pamphuno pake n'kudontha pansalu. M'chipindamo munkangomveka wotchi ndi kupuma kwa wodwala.

"Wafulumira. Bweza mtima."

Anachepetsa. Chala chinachita dzanzi. Mphindi yachisanu ndi chiwiri mlamu wake anabuula, nagwedeza phazi. Alangizi anawerenga kapumidwe kake, nagwedeza mutu kuti apitirize.

Atamaliza, Nachangu anabayanso mankhwala ena m'matako onse awiri, nam'patsa otsitsa kuthamanga kwa magazi. Kenako Alangizi anaika chomvetsera pamimba. Anamvetsera nthawi yaitali, nasuntha, namvetseranso.

"Mwana alipo," anatero. "Koma mtima wake watopa. Ayenera kubadwa lero, ndipo osati pano."

5. Funso la achimwene

Ambulansi inafika dzuwa litapendeka. Pamene ankakonza machira, achimwene ake a Nachangu anamukokera pambali. M'manja anali ndi kabuku ka sikelo kaja, katapindika ndi thukuta.

"Achemwali, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma manambala ndimawerenga. Dzulo apa munalemba 120. Lero mwanena 170. Magazi amakwera chonchi tsiku limodzi?"

A Zatheka anali atatuluka mu ofesi, ataima chapatali, akumvetsera.

"Nthawi zina amakwera," anatero Nachangu. "Koma dzulo sindinamuyeze, achimwene. Ndinangolemba."

"Munangolemba."

"Inde."

"M'mawa uja anandipempha kuti tibwere kuno. Ine ndinatsegula kabukuka, ndinamuuza kuti mlongo wanga sanama."

Achimwene ake anamuyang'ana ngati munthu amene akumuona koyamba. Sanakweze mawu.

"Amayi ndikawauze ine, kapena mukawauza nokha?"

"Ndikawauza ndekha."

Anaika kabukuko m'thumba la malaya, nakwera ambulansi osatsanzika.

Alangizi anatuluka atanyamula diripi m'mwamba. Atamukweza wodwalayo, anabwerera masitepe awiri, nagwira Nachangu padzanja.

"Ndipita nawo, angakomokenso panjira. Makina anga ndakusiyira patebulo, ndi mabatire ake. Tsono tamvetsetsa. Lero wachita chinthu chimene ine chinanditengera zaka kuti ndichichite. Koma usadzinamize kuti watha mlandu. Ndidzalemba zimene ndaona, zoipa ndi zabwino zomwe, ndipo udzaitanidwa kukayankha. Ukadzapita, udzanene monga wanenera lero, osawonjezera, osachotsera. Wokuuza kuti bisa sakukonda, akudzikonda yekha.

"Chachiwiri n'chachikulu. Mlamu wako anali ndi foni, anali ndi iwe. Atsala khumi ndi mmodzi amene ali m'makomo mwawo ndi nambala yako m'tibuku tawo, akukhulupirira kuti ali bwino. Tsegula kaundula, ulembe mayina awo ndi kumene amakhala. Tuma uthenga, pita wekha, chita chilichonse. Aliyense ayezedwe mawa lisanathe. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Chitseko cha ambulansi chinatsekedwa. Galimoto inatuluka pageti, fumbi n'kutsalira m'mwamba nthawi yaitali.

6. Tsamba la Lachitatu

Nachangu anasamba m'manja nalowa m'chipinda cha sikelo. Makina a Alangizi anali patebulo. Kaundula anali pomwepo, wotseka. Anatenga pepala ndi cholembera, natsegula.

Panali tsamba la Lachitatu la sabata yatha. Anatembenuza. Panali tsamba loyera.

Anabwerera m'mbuyo, natembenuzanso mosamala, poganiza kuti masamba amatana. Pakati pa bukulo panali timano ta pepala totsalira pa ulusi. Tsamba la dzulo linali litang'ambidwa.

Pazenera panalowa fungo la utsi. Kuseri, pa ng'anjo yotenthera zinyalala za chipatala, moto unkayaka, ngakhale silinali tsiku lotentha zinyalala.

Anapita ku ofesi. A Zatheka anali pabeseni, akusamba m'manja ndi sopo mosafulumira.

"Bambo, tsamba la dzulo lili kuti?"

"Tsamba lanji?"

"La sikelo. Muli mayina a amayi amene sindinawayeze. Ndiyenera kuwapeza."

A Zatheka anapukuta chala chimodzichimodzi ndi thaulo.

"Kaundula wa sikelo amasunga ndiwe, mwana wanga, si ine. Ngati tsamba lasowa, akuluakulu adzafunsa amene amasunga. Ndipo adzafunsanso kuti ndani anali ndi chifukwa chofunira kuti lisowe." Anapachika thaulo pamsomali. "Ndinakuuza kuti mlendo akwera galimoto. Wakwera."

Nachangu anatuluka. Khonde limene dzulo linadzaza linali mbee, mabenchi okhaokha. Anakhala pa benchi yoyamba, pepala lili pabondo, nayesa kukumbukira nkhope za dzulo mmene zinkalowera. Uja wa mapasa. Uja wogulitsa makala pamphambano. Mkazi wa mphunzitsi. Uja wa chipsera pachibwano, amene dzina lake silinkabwera.

Anawerenga ndi zala. Anali anayi. Asanu ndi awiri enawo sankawakumbukira ngakhale mtundu wa nsalu zimene anavala, ndipo aliyense wa iwo anali kwinakwake, kuseri kwa mapiri, akuuza mwamuna wake kuti kusikelo anayenda bwino.